Akavalo a Papepala Sakweza Cimanga pa Manenekela

Mwezi wathawu nchito inanditengera ku mudzi wina m'boma la Katete, kumene ndinapeza alimi a kopaletivu ali pa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Nkhani imene ndinapitira inatha msanga, koma imene inasunga anthu kufikira dzuwa litapendeka inali ya galimoto. Kwa zaka 4 anthu awa akhala akusonkha ndalama za nshawa, soya ndi mpendadzuwa kuti agule vaneti yaoyao, pakuti atopa ndi eni magalimoto amene amawadyera masuku pamutu nthawi ya kukolola. Anatuma anyamata awiri ku Lusaka, ndipo iwo anabwerako ndi zithunzi za ma Toyota Hilux awiri akale, onse a dizilo, onse oyendera mawilo anai. Mlembi wa kopaletivu, mnyamata wophunzira ndithu, anaimirira ndi lamya m'manja nawerenga kuti yoyamba iri ndi mphamvu za akavalo 91, yaciwiri akavalo 130, ndipo mitengo yace njosiyana pang'ono cabe. Anthu anaomba m'manja pa 130. Pamenepo mai wina wacikulire, amene ndiye msungicuma, anafunsa mwaulemu nati, "Pepani a Pampando, ine sindinapite patali ndi sukulu. Akavalo amenewa anawawerenga ndani, ndipo anawawerengera kuti?" Anthu anaseka.

Ine sindinaseke nao, cifukwa funso la mai uja ndi limene munthu ali yense wogula vaneti yakale ayenera kufunsa asanamasule cikwama, ndipo ndi ocepa amene amalifunsa. Msonkhano unabalalika osamanga mfundo. Nkhani ino ndailemba kaamba ka iwo, ndiponso kaamba ka magulu ambiri a alimi, a amai ndi a acinyamata amene ayamba kulingalira zogula galimoto ciyambire 2022, caka cimene ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu. Maganizo anga ndi akuti nambala ya akavalo siinama, koma imayankha funso limene mlimi sanafunse, ndipo wogula galimoto poyang'ana nambalayo yokha afanana ndi munthu wogula ng'ombe yolimira poyesa kutalika kwa nyanga.

Amene anayamba kuwerenga akavalo ndi James Watt, mmisiri wa ku Scotland amene anabadwa mu 1736 namwalira mu 1819. Iye ndi mnzace Matthew Boulton anali kupanga makina oyendera nthunzi ku Birmingham, ndipo ofuna kugula anali eni migodi ndi eni zigayo, amene nchito yao inali kugwiridwa ndi akavalo ozungulira pa mtengo tsiku lonse. Munthu wotere ukamuuza za nthunzi samva. Iye afuna kudziwa kuti makina ako adzalowa m'malo mwa akavalo angati. Cotero m'zaka za m'ma 1780 Watt anakhazikitsa muyeso wakuti kavalo mmodzi akhoza kukweza katundu wolemera mapaundi 33,000 kutalika kwa phazi limodzi pa mphindi imodzi. Muyeso uwu unabadwira pa malonda, ndipo kufikira lero amene aukonda koposa ndi ogulitsa.

Maiko oyesa ndi mamita ndi makilogalamu anaukonza pang'ono, ndipo kwa ife umveka bwino motere: kavalo mmodzi ndi mphamvu yokweza makilogalamu 75, ndiye kuti saka limodzi ndi theka la cimanga, kutalika kwa mita imodzi pa sekondi imodzi. Uyu ndiye kavalo amene a ku Japan ndi a ku Germany amamlemba PS, ndipo ali ndi mawati 735 ndi theka. Kavalo wa Watt, wolembedwa hp, ngwamkulu pang'ono, wa mawati 746. Ku South Africa ndi ku Australia amalemba makilowati, ndipo kilowati imodzi ilingana ndi akavalo a PS 1.36. Motero injini imodzimodzi ikhoza kulembedwa 67 pa pepala lina, 90 pa lina ndi 91 pa linanso, popanda wonama ngakhale mmodzi. Ife kuno, makamaka a kucigwa kumene kashembe sanalole akavalo, ambiri sitinaonepo kavalo alikukoka kanthu. Tidziwa ng'ombe ndi abulu. Mwina ndico cifukwa cace mau akuti akavalo 130 amatilowa m'mutu ngati khola lodzaza ndi ziweto.

Funso laciwiri la mai uja, lakuti anawawerengera kuti, ndilo lalikulu. Injini saiyesa iri m'galimoto ndi katundu kumbuyo. Amaimanga pa benci m'fakitale. Kale opanga magalimoto ambiri anali kuiyesa iri yobvula: yopanda sefa ya mpweya, yopanda paipi yace yeniyeni ya utsi, yopanda cokupizira ndi zina zimene injini imazunguza ikakhala m'galimoto. Nambala yotuluka pamenepo inali yonenepa. Ku America analeka kayesedwe aka mu 1972 nayamba kuyesa injini itabvala zonse, ndipo anthu anadabwa kuona kuti vaneti ya Chevrolet ya injini ya V8 yochedwa 350, imene mu 1971 inalembedwa akavalo 250, caka cotsatira inalembedwa 175. Citsulo cinali comweco; akavalo 75 anathawa pa pepala pokha. Ku Japan anasintha pambuyo pace, ca pakati pa zaka za m'ma 1980. Tsono mnyamata akamakuwerengerani pa lamya nambala ya galimoto ya 1983 pamodzi ndi ya 1993, akhoza kukhala alikuyerekeza meda yodzaza mpaka nsonga ndi meda yosalaza pakamwa, iye mwini osadziwa.

Tiyeni tsopano ku Hilux yeniyeni, popeza ndiyo yafala m'miseu ya kumidzi kwathu. Galimoto iyi inayamba kupangidwa ku Japan mu 1968, ndipo yoyambayo inali ndi kainjini ka petulo ka malita 1.5. Yoyendera mawilo onse anai inadza mu 1979, ndipo ya dizilo inadzanso caka comweco. Zimene tirikugulitsana lero monga zakale zambiri ndi za mbadwo umene unayamba mu 1988 ndi umene unayamba mu 1997, zina zocokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Nakonde, zina zomangidwa ku Durban. Thupi lioneka lofanana, koma pansi pa boneti pakhoza kukhala injini zosiyana kutalitali. Pa dizilo pali banja la L. Muli 2L ya ma cc 2,446, imene siinafike pa akavalo 90. Muli 3L ya ma cc 2,779, imene anthu amangoti 2.8, yolembedwa akavalo 91 ku Japan. Mulinso 5L ya ma cc 2,986, ya akavalo 97 kumene inalembedwa mooloŵa manja. Zitatuzi zilibe turbo. Kunja kwa banja ili kuli 1KZ-TE ya ma cc 2,982, imene iri nayo turbo. Pa petulo pali 4Y ya malita 2.2 ya akavalo okwana ngati 95, pali 22R ya malita 2.4 ya akavalo ngati 100, ndipo pali 3RZ-FE ya malita 2.7 ya akavalo ngati 150.

Wogula safunika kudalira pakamwa pa wogulitsa kuti adziwe injini imene galimoto inabadwa nayo. Pansi pa boneti pali kacitsulo kokhomedwa ndi fakitale, ndipo zilembo zoyamba za mtundu wa galimoto zimaulula zonse. LN ndi dizilo ya banja la L, KZN ndi dizilo ya KZ, RN ndi petulo ya R, YN ndi petulo ya Y, RZN ndi petulo ya RZ. LN106 inatuluka m'fakitale ndi 3L, ndipo KZN165 inatuluka ndi 1KZ-TE. Utatha msonkhano uja ndinapempha kuona zithunzi za anyamata. Mavaneti onse awiri kacitsulo kao kanali ka LN106. Ndiye kuti ija ya akavalo 130 inabadwa ndi 91 monga inzace, ndipo wina anaizula injini naikamo 1KZ-TE ya galimoto ina, kapena ya Hilux Surf yogundidwa, pakuti 130 ndiyo nambala imene injini imeneyi inalembedwa nayo mu Surf ku Japan. Injini yomweyo m'ma Hilux a ku South Africa inalembedwa makilowati 85, ndiwo akavalo 116. Nayonso 3L, ya 91 ku Japan, ku Australia inalembedwa makilowati 60, ndiwo akavalo 82. Mwa nambala zonsezi wogulitsa adzasankha iti? Sipafunika kuombeza ula.

Koma tiyeni tibvomere kuti 91 njoona. Injini ya 3L imapereka akavalo 91 pamene irikuzungulira ka 4,000 pa mphindi, ndiye kuti irikulira ngati cigayo. Palibe dilaiva wanzeru amene amayendetsa dizilo yotere pa 4,000 tsiku lonse. Nchito yambiri imagwiridwa pakati pa 2,000 ndi 2,800, ndipo pamenepo cofunika kudziwa ndi mphamvu yopotokola, imene amakaniko amaicha torque. Ganizani za munthu womasula nati ya wilo: mphamvu imene apotolera nayo sipanala ndiyo torque, ndipo akavalo ndi torque imeneyo poiculukitsa ndi cangu ca kuzungulira. 3L imafika pa nsonga ya torque yace, ma newton-mita 188, pa 2,400. Mukacita masamu mudzapeza kuti pamenepo injini irikupereka akavalo 64 cabe. Awa ndiwo akavalo amene dilaiva ali nao pa citunda ca matope mwezi wa January alikucoka pa depoti ndi feteleza. Injini ya petulo ya 3RZ iri ndi torque yoposa, ya 240, koma imaifikira pa 4,000, ndipo kuti ikoke katundu pa malo oipa iyenera kupondedwa kolimba, kilachi nayo nkumapsa. 1KZ-TE ya ku South Africa iri ndi 315 pa 2,000 pokha. Nambala izi zinena zambiri za nchito ya kumunda kuposa 91 ndi 130, koma mlembi uja sanaziwerenge cifukwa wogulitsa sanazichule.

Cinanso cimene pepala silinena ndi cakuti akavalo onsewa anawawerengera pa mpweya wa m'mbali mwa nyanja yamcere. Ife tikhala pamwamba. Mzinda wa Lusaka uli pa mamita okwana ngati 1,280 kucokera pa nyanja, ndipo mpweya wa kumtunda ngwopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo 3 mwa 100 a mphamvu yace pa mamita 300 ali onse amene yakwera, motero ikafika mu Lusaka yataya 12 kapena 13 mwa 100. Akavalo 91 atsala 80, ndipo 64 aja atsala 56. Dizilo ikasowa mpweya imatulutsa utsi wakuda, umene ndi mafuta osapsa bwino, ndalama zopita ndi mphepo. Pano ndiyenera kucita cilungamo kwa amene anaomba m'manja. Turbo imakankhira mpweya m'injini, ndipo imabweza gawo lalikulu la zimene phiri lalanda. Ndiponso 1KZ-TE pa 2,000 imapereka akavalo ngati 90, amene 3L imawapeza pokhapokha italira mpaka pa mapeto. Ndikadakhala kuti ndirikusankhira munthu wa m'tauni amene ali ndi galaja yabwino pafupi, galimotoyo nkukhala KZN yeniyeni yocokera ku fakitale, sindikadazengereza konse.

Koma kopaletivu ya ku Katete siiri m'tauni, ndipo galimoto imene anaiombera m'manja si KZN. Mphamvu yambiri imadza ndi moto wambiri. Mwa mafuta amene injini ya dizilo yotere imaocha, gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kuposerapo pang'ono, ndilo limasanduka nchito. Otsalawo amatuluka monga kutentha, kwina pa paipi ya utsi, kwina m'madzi a radiyeta. Fakitale ikaika injini yaikulu imaikanso radiyeta, kilachi ndi giyabokosi zolingana nayo. Mmisiri wa kuseri kwa msika akamasintha injini kawirikawiri amasiya radiyeta yakale, yodzala ndi dzimbiri ndi dothi la madzi a pacitsime. Mutu wa 1KZ-TE ngwa aluminiyamu, ndipo amakaniko adziwa kuti ukapsa kolimba umang'aluka. Wa 3L ndi wa 5L ngwa citsulo, ndipo umapirira kolakwiridwa. Kuonjezera apo pampu ya 1KZ-TE imalamulidwa ndi kompyuta, ndiye kuti wosinthayo analumikizanso mawaya a galimoto ina m'thupi limene silinapangidwire mawayawo. Tsiku limene waya umodzi udzaduka pakati pa Nyimba ndi Kacholola usiku, adzaupeza ndani?

Amene sanayendepo ndi katundu pa mseu wa Great East angaganize kuti ndirikukuza nkhani. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita okwana ngati 570. Ukapitirira Nyimba mseu umayamba kukhotakhota ndi kutsetsereka kufikira pa ulalo wa Luangwa, pansi pa mamita 500, kumene mwezi wa October kumatentha ngati m'ng'anjo. Ukaoloka umayamba kukwera, ndipo ukwera nthawi yaitali, kudutsa pa Manenekela pamene mseu wamamatira m'mbali mwa phiri, mbali inayo kuli phompho. Apa ndi pamene singano ya kutentha imaulula zimene wogulitsa anabisa. Vaneti ya 3L idzakwera ndi giya yaciwiri, irikulira, mabasi alikuipitirira, dilaiva alikucita manyazi. Koma ngati radiyeta yace iri bwino idzafika pa msika wa Soweto nshawa ziri zonse. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Makolo athu anacidziwa ici asanamve za PS. Land Rover ya dizilo ya malita 2.25, imene inayenda ndi alangizi a zaulimi ndi a zacipatala m'midzi yonse ya dziko lino, inali ndi akavalo 62 okha. Vaneti ya Peugeot 404 ya dizilo siinafike pa 70, ndipo inanyamula masaka a makilogalamu 90 m'masiku a NAMBOARD pa miseu yoipa kuposa ya lero. Cinsinsi cace cinali magiya. Giya yaing'ono imasinthanitsa liwiro ndi mphamvu yokoka, ndipo pa Hilux yoyendera mawilo anai giya ya pansi ija imaculukitsa mphamvu ya pa mawilo kuposa kawiri. Injini yocepa akavalo ikhoza kukwera citunda cimene yoculuka akavalo ikwera, malinga dilaiva akhale ndi mtima wodekha. Cimene akavalo ambiri amagula ndi nthawi, ndipo kwa mlimi wonyamula cimanga couma ola limodzi silisintha mtengo wa saka.

Cimene cimandiopsa koposa ndi kutsika. Vaneti ya mtundu uwu inapangidwira katundu wokwana ngati tani imodzi, ndiwo masaka 20 a makilogalamu 50, ndipo ya makomo anai imanyamula zocepera apo. Tonse taona masaka 35 kapena 40 ataunjikidwa, pamwamba pace patakhala amai ndi ana opita ku cipatala. Injini yofooka imakana katundu wotere pa citunda coyamba, ndipo kukana kwaceko ndi cenjezo. Injini yamphamvu imabvomera. Koma mabuleki, masipiring'i, maekiselo ndi matayala ndi omwe aja a LN106. Kusintha injini sikunawaonjezere kanthu. Galimoto imene yakwera phiri mosabvuta ndi matani awiri iyenera kutsika nao mbali inayo, ndipo mabuleki akatentha amaleka kugwira. Amene akhala pamwamba pa masaka sanafunsidwe maganizo ao pa nkhani ya akavalo.

Palinso nkhani ya mafuta ndi ya mmisiri. Pampu ya 2L, ya 3L ndi ya 5L njopanda kompyuta, kupatula 5L-E imene inadza pambuyo. Makaniko wa pa boma pa Katete, pa Petauke kapena pa Lundazi amaidziwa monga mlimi adziwa khasu lace, ndipo zitsulo zace sizibvuta kupeza. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inayamba kunyamula dizilo yoyenga kale ya sulufule wocepa, cotero dizilo ya pa pampu m'matauni yakhala yabwinopo. Koma kumudzi dizilo imagona m'madiramu ndi m'zigubu, mmene mumalowa madzi ndi fumbi. Ma Hilux a D-4D amene anafala kuyambira 2005, a malita 2.5 a akavalo 102 ndi a malita 3.0 a akavalo 163, ndi magalimoto abwino ndithu, koma mainjekita ao amathira mafuta pa mphamvu yoposa ka 1,000 ya mpweya wotizinga, ndipo madzi pang'ono amawaononga. Mtengo wa mainjekita anai ukhoza kumeza phindu la gulu la caka conse. Cimene ziri naco pamodzi injini za L ndi za KZ ndi lamba wa taiming'i, amene pa banja la L ayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 ali onse. Lamba ameneyu akaduka injini irikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni, ndipo pamenepo za 91 ndi 130 zatha.

Ena adzati mlembi uyu afuna alimi atsalire m'mbuyo, aziyenda ndi magalimoto a makolo. Iai, abale anga. Zofooka za 3L ndizidziwa bwino. Njocedwa, ndipo kupitirira thiraki yaitali pa mseu wopapatiza ndi galimoto yocedwa ndi ngozi payokha. Imasuta. Pa mseu wa tala imamwa mafuta osacepera a D-4D ya malita 3.0, imene mphamvu yace yatsala pang'ono kuwirikiza. Ndipo LN106 iri yonse tsopano yapitirira zaka 25. Akavalo nao amakalamba: maring'i akatha, mainjekita akayamba kudontha, injini imene inatuluka m'fakitale ndi 91 imatsala ndi ocepa kwambiri, ndipo 3L yotopa njoipa kuposa 1KZ-TE yosamalidwa bwino. Cotero sindikunena kuti gulani ya 91 cifukwa 91 njaing'ono, pakuti kumeneko kukadakhala kupembedza nambala komweko, kungoti mozondoka. Akavalo amene muyenera kuwerenga ndi amene atsalamo lero, ndipo amenewo sapezeka pa lamya. Makaniko wabwino ali ndi geji yoyesera kuthina kwa mpweya m'silinda iri yonse, ndipo nchitoyo siitenga tsiku. Pitani m'mamawa mukadzutse injini iri yozizira, pakuti wogulitsa wocenjera amaidzutsa inu musanafike. Onani utsi ngati uli woyera kapena wobiriwira ndipo sukuleka. Tsegulani cotsekera ca oilo muone ngati injini irikupumira pamwamba. Radiyeta muitsegule iri yozizira, ndipo injini ikadzuka muone ngati madzi alikucita thobvu, cifukwa thobvu limenelo kawirikawiri ndi mau a mutu wong'aluka kapena gasiketi yopsa.

Za lamulo nazo sizisekedwa. Buku loyera la galimoto, limene a RTSA amapereka, liri ndi nambala ya cesisi ndi nambala ya injini. Injini ikasinthidwa mwini ayenera kukalembetsa kusinthako, ndipo ngati nambala ya pa citsulo isiyana ndi ya m'buku, wogula ndiye adzayankha mafunso pa fitinesi, pa lodibuloko, ndi kwa a inshuwalansi ngozi itagwa. Injini yocokera m'galimoto yobedwa nayo imalira bwinobwino ngati inzace. Munthu wogula ndi ndalama zace akanyengedwa amalira yekha m'nyumba mwace, koma msungicuma wa gulu adzakumana pa citsime tsiku ndi tsiku ndi anthu amene anasonkha.

Pempho langa kwa a boma ndi laling'ono. Ogulitsa magalimoto akale akakamizidwe kulemba pa pepala la malonda mtundu wa galimoto monga uliri pa kacitsulo, dzina la injini imene irimo, ndi kunena poyera ngati inasinthidwa. Bungwe la CCPC, limene nchito yace ndi kuteteza ogula, liripo kale, ndipo kugulitsa LN ngati kuti ndi KZN ndi malonda onyenga. Ndiponso makomiti amene amabvomereza ndalama za magulu asamalole kugula galimoto popanda kalata ya makaniko wodziwika amene waiona ndi maso ace. Timatuma alangizi kukaona dimba tisanapereke pampu yothirira, koma galimoto, imene imameza ndalama zoposa pampu kutalitali, timaisiyira anyamata awiri ndi lamya. Anyamatawo sindiwatsutsa, anawerenga zimene anapatsidwa.

A kopaletivu aja adzakumananso pa Ciweru. Ndamva kuti mai msungicuma akana kusaina kufikira makaniko wa pa boma atapita yekha ku Lusaka, ndipo anena kuti ndalama zace za basi zicoke m'thumba la gulu. Auzanso anyamata kuti akapemphe wogulitsa ali yense alole galimoto yace ikwezedwe masaka 20 a mcenga, iyende nao kupitirira Kafue, ikakwere mapiri a Munali ndi kubwerera, makaniko ali m'kati alikuyang'ana singano. Mwini wa ya 91 wabvomera, malinga amthirire dizilo. Mwini wa ya 130 wati ayambe waganiza.